Sileti ndi Beseni: Mbiri ya Chikondi ndi Chidziwitso m'Dziko la Chadiza

Munthu wochoka ku Chipata nalunjika kumwera, atadutsa minda ya chimanga, mtedza ndi mpendadzuwa, namaona mapiri a miyala kudzanja lamanja ndi lamanzere, amafika m'dziko la mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume, limene boma limalitcha Chadiza. Ndipo akapitirira ulendo wake, popanda mpanda womuletsa, adzangozindikira kuti waponda kale dothi la Mozambique, kumene anthu alankhula chinenero chomwecho, natchulana mafuko omwewo a Phiri, Banda ndi Mbewe, nalambira Kalonga Gawa Undi yemweyo ku Mkaika. M'dziko la Chadiza limeneli Uthenga Wabwino unalowa utanyamula zinthu ziwiri: m'dzanja limodzi sileti lolemberapo ana, m'dzanja linalo beseni lotsukira zilonda. Za sileti zinalembedwa zambiri, pakuti olemba mbiri ndi ana a sileti lomwelo. Koma beseni ndi manja amene analigwira sizikumbukika kawirikawiri, chinkana ndizo zinamanga mpingo m'mitima ya anthu.

Chaka cha 1898 chinali cha misozi m'chigawo chino, pakuti asilikali a Azungu anathyola mphamvu ya Angoni a Mpezeni, napha mwana wake Nsingo, nalanda ng'ombe zosawerengeka. Phulusa la nkhondoyo lisanazizire, pa 5 Julaye 1899, abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed wa ku Orange Free State, P.J. Smit ndi J.M. Hofmeyr, anamanga msasa wawo pamalo amene anatchedwa Magwero, kufupi ndi Fort Jameson, pamene lero pali Chipata. Ndipo dzinalo linakwaniridwa, chifukwa pomwepo panatumphuka mitsinje ya ntchito imene inayenderera ku Madzimoyo mu 1903, ku Nyanje mu 1905, ndi ku Nsadzu, m'dziko lino la Chadiza, mu 1908. Pambuyo pake ansembe a chipani cha White Fathers, amene anali atakhazikika kale ku Kachebere chiyambire 1903, anatsegula misiyoni yawo ku Naviruli. Kuyambira pamenepo midzi ya kuno inayamba kudziwika ndi mayina awiri atsopano, wina mudzi wa Adachi, wina mudzi wa Aroma.

Tisapeputse mphatso ya sileti, pakuti amene anailandira anadziwa mtengo wake. Msonkho wa nyumba utafika, amuna anayamba kuchoka m'midzi kunka ku mapulazi ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni, ena ku migodi ya mkuwa, nasiya akazi awo ali kuchikamwini kopanda mkamwini. Kalata ikabwera yochokera kutali, mkazi wosadziwa kuwerenga ankaimanga pansonga ya chitenje nayenda nayo kwa mphunzitsi, amene ankamva zinsinsi za banjalo mwini wake asanazimve. Amene anatsegula maso a anthu otere kuti adziwerengere okha anachita chinthu chachikulu. Ndipo pamene Buku Lopatulika linamalizidwa lonse m'chinenero chathu mu 1922, mwa ntchito imene anaitsogolera William Murray ku Nyasaland, mlimi wa ku Chadiza anatha kukhala pakhonde pake namva aneneri ndi atumwi akulankhula naye monga anansi.

Koma chidziwitso chili ndi khalidwe limodzi ndi mowa wamasese, kuti ukapsa umafufuma nusefukira mumtsuko. Kulowa mumpingo masiku amenewo kunali ulendo wa zaka: munthu ankayamba akhala womvera, kenaka nkulowa kalasi, naloweza mafunso ndi mayankho a katekisimu, ndipo potsiriza ankaima pamaso pa mbusa ndi akulu a mpingo kuti ayesedwe. Taganizani mayi wa imvi, amene chala chake sichinagwirepo choko, atagwada pamphasa, manja ali pamaondo, mkulu wa mpingo namufunsa kuti, "Amayi, tatiuzani tanthauzo la ubatizo." Iye ayang'ana pansi, akanda mphasa ndi chikhadabo, nayankha motsitsa kuti, "Bambo, mawuwo ndinali nawo pochoka kunyumba, koma andithawa panjira." Amuuza kuti adzabwerenso chaka chamawa, ndipo kamnyamata ka zaka khumi ndi zisanu, kamene iye yemweyo anakasambitsa kali kakhanda, kayankha mafunso onse mosapunthwa, nkudzakhala pagome la Mgonero iye ali panja. Akuluwo sankachita izi mwankhanza, pakuti ankaopa kudzaza mpingo ndi anthu osadziwa chimene akhulupirira. Koma muyeso umene anagwira unali wotha kuyesa mutu wokha, ndipo mtima unkatsala wosayesedwa.

Chidziwitso chomwecho chinakumba ngalande pakati pa abale. Aphunzitsi a Adachi ndi a Aroma ankapikisana kwa nyakwawa kuti atsogole ndani kumanga sukulu m'mudzi, ndipo aliyense ankaphunzitsa ana ake zolakwa za mnzake, kotero kuti ana a mimba imodzi, wina wokwatiwa kuno wina uko, ankakayikirana za chipulumutso. Ngalande yozama koposa inali pakati pa sukulu ndi dambwe. Mkhristu wopezeka ku gule ankaikidwa pachilango, ndipo a kudambwe nawonso ankatola anyamata kuwachotsa kusukulu. Ndipo chodabwitsa nchakuti mbali zonse ziwiri zinkanyadira chinthu chimodzimodzi, ndicho kudziwa zimene mnzako sazidziwa. Wa kudambwe ankaseka wosameta kuti ndi mwana wosadziwa kanthu, wa kusukulu naseka wa kudambwe kuti ali mumdima, yense wa iwo atakumbatira chinsinsi chake monga nkhuku ikumbatira mazira.

Mlandu wotere si wachilendo mumpingo, pakuti Paulo anauweruza kalekale m'kalata yake yoyamba kwa Akorinto, imene analemba ali ku Efeso. Mumzinda wa Korinto nyama yambiri ya pamsika inali yotsala ku nsembe za mafano, ndipo akhristu ophunzira, podziwa kuti fano ndi mtengo chabe, ankadya mosatekeseka, pamene abale awo ongotembenuka kumene ankapunthwa poona zimenezo. Paulo sanawatsutse ophunzirawo pa mfundo yawo, popeza inali yoona; chimene anawadzudzula nacho, m'mutu wachisanu ndi chitatu, nchakuti chidziwitso chimatupitsa mwini wake, pamene chikondi chimamanga nyumba yoti enanso akhalemo, ndipo iye mwini anati angalole kuleka nyama moyo wake wonse koposa kugwetsa mbale mmodzi. Ndipo m'mutu wa khumi ndi chitatu anaonjeza kuti munthu angakhale atazindikira zinsinsi zonse, akasowa chikondi ali chabe. Mawu amenewa anawerengedwa m'matchalitchi a udzu a ku Chadiza, ndipo anaweruza owerenga ndi omvera pamodzi.

Anaweruzanso amene anabwera nawo. Amisiyoni a Dutch anali anthu ozama m'Malembo, olimbika pantchito, ndipo ena a iwo anasiya mafupa awo m'dothi lino; komabe mpingo umene unawatuma unakhazikitsa mu 1935 malamulo a ntchito ya umisiyoni ovomereza kuti akuda ndi oyera akhale olekana, ndipo pambuyo pa 1948 ambiri a akatswiri ake anafunafuna mavesi ochirikizira tsankho la boma la South Africa. Kuno kwathu panapita zaka makumi atatu chiyambire Magwero asanadzozedwe mbusa woyamba wa m'dziko muno, Justo Mwale, mu 1929, amene dzina lake lili lero pa sukulu ya ubusa ku Lusaka. Ndipo umwini wonse wa mpingo unaperekedwa mu 1966, dziko litalandira kale ufulu wake. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, anatero akale; ndipo nzeru za mpingo wa ku South Africa zinaviika nsima yake kufikira 1986, pamene unavomera poyera kuti kuchirikiza tsankho kunali kulakwa.

Tikadalekeza pano, mbiriyi ikadakhala ya mipanda yokhayokha. Koma ku Nsadzu kunachitika chinthu china, chimene chinalalikira popanda mafunso ndi mayankho.

Khate linali nthenda yoopsa koposa zonse m'maso mwa makolo athu. Limayamba ndi banga lotuwa pakhungu, losayabwa ndi losapweteka, ndipo kusapweteka komweko ndiko kuipa kwake, chifukwa nthendayi imapha mitsempha yomvera, kotero kuti mayi amagwira mphika wotentha osamva kanthu, mwamuna amaponda minga nayenda nayo tsiku lonse, ndipo zilonda zimene zimabuka pamenepo ndizo zimadya zala za kumanja ndi za kumapazi pang'onopang'ono. Wodwala ankamumangira kanyumba kunja kwa mudzi, nampatula mbale yake ndi chikho chake. Ndipo akuluakulu amasimba kuti m'madera ambiri a Achewa wakhate akamwalira sankaikidwa m'manda monga anzake, kuopa kuti angaipitse nthaka. Chilamulo cha Mose nacho, m'buku la Levitiko, chinalamula kuti wakhate akhale kunja kwa chigono; motero mwambo wa makolo ndi lemba lakale zinagwirizana pa munthu mmodzi yekhayu, kuti akhale kutali.

Pa Nsadzu amisiyoni anatsegula mudzi wa akhate, ndipo anthu amene abale awo anawataya anayamba kulondola njira ya kumeneko, ena pa ndodo, ena atanyamulidwa pamachira. Tiyenera kukumbukira kuti nthawi imeneyo mankhwala ochiza khate kunalibe. Kachilombo kake anali atakaona kale dokotala Hansen wa ku Norway mu 1873, koma kukaona sikukapha; chimene chinalipo m'midzi ya akhate ya masiku amenewo ndi mafuta a mtengo wa ku India wotchedwa chaulmoogra, obaya ndi jakisoni wopweteka kwambiri, amene phindu lake linali lochepa. Ntchito yeniyeni inali ya m'mawa uliwonse: kutereka madzi, kumasula nsanza za dzulo zimene zamatirira pachilonda, kuviika phazi m'beseni, kupala chikopa chouma m'mbali mwa bala, kupirira fungo popanda kukwinya nkhope pamaso pa mwini phazi, ndi kumanganso ndi nsalu yoyera, ukudziwa bwino lomwe kuti mawa udzachitanso chimodzimodzi, ndi mkuja, kufikira tsiku la maliro. Ogwira ntchitoyi, akazi a ku misiyoni pamodzi ndi athandizi a kuno kwathu amene mayina awo sanalowe m'mabuku, analibe lonjezo la kuchiritsa limene akadapereka. Anali ndi manja okha, ndipo manjawo anakhudza thupi limene mayi wake wolibala analeka kulikhudza.

Apa ndi pamene anthu a m'midzi, amene mitsutso ya Adachi ndi Aroma inkangowazunguza mutu, anamva Uthenga m'chinenero chosasowa womasulira. Marko asimba kuti wakhate atagwada pamaso pa Ambuye, Iye, amene akadatha kuchiza ndi liwu lokha ali chapatali, anatambasula dzanja namukhudza. Ndipo wansembe Damien, amene anakakhala pakati pa akhate pa chisumbu cha Molokai mpaka nthendayo inamutenga mu 1889, anayenda m'mapazi omwewo. Ku Magwero mzimu womwewo unabala zipatso zina, pakuti mu 1905 Issie Hofmeyr, mkazi wa mbusa, anayamba kuphunzitsa osaona, ndipo atamwalira iye, Ella Botes anapitiriza ntchitoyo zaka zambiri, kufikira Magwero anatchuka ndi sukulu za osaona ndi osamva. Ndipo chozizwitsa m'mbiri ya mpingo umenewu nchakuti manja amene anamanga mpanda pakati pa khungu loyera ndi lakuda ndi omwewo anagumula mpanda pakati pa wakhate ndi wangwiro. Pakuti munthu ndi munda umene tirigu ndi namsongole zimamera pamzere umodzi.

Asatero wina kuti tsono chidziwitso nchachabe, pakuti mbiri ya khate yomweyi imutsutsa. Beseni linatonthoza, koma silinaphe kachilombo. M'zaka za m'ma 1950 anafalikira mankhwala a dapsone, amene anayamba kuimitsa nthendayi. Ndipo mu 1981 akatswiri a bungwe loona za umoyo padziko lonse analangiza kuphatikiza mankhwala atatu, dapsone, rifampicin ndi clofazimine, amene amachiza munthu m'miyezi isanu ndi umodzi kapena khumi ndi iwiri, ali pakhomo pake, akudya m'mbale imodzi ndi ana ake. Midzi ya akhate inatha ntchito chifukwa cha anthu amene anakalamba akuyang'ana m'magalasi oonera tizilombo. Koma tifunse: m'zaka zonse zimene chidziwitso chinali chikadali panjira, ndani anasunga odwalawo amoyo, naletsa dziko kuwaiwala, kuti mankhwala pofika apeze anthu owalandira? Chikondi chinatsogola nichikhala pamaliro usiku wonse, chidziwitso chinafika mbandakucha. Ndipo pofika chinapeza moto uli wosonkha kale.

Phunziro la ku Nsadzu linayesedwanso kawiri m'masiku a ife amene tili ndi moyo. Nkhondo ya pachiweniweni itakula ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, anthu a m'chigawo cha Tete anakhamukira ku Chadiza, Katete ndi Petauke, atasenza ana ndi timitolo, ndipo boma lisanakonze malo a ku Ukwimi mu 1987, amene anawalandira poyamba anali anthu wamba a m'midzi ya m'malire. Palibe anafunsidwa pakhomo ngati ali wa Dachi, wa Roma kapena wa kudambwe. Anapatsidwa phala, mphasa ndi kachigawo ka munda, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo mawalo linafikadi, popeza zigawenga za Renamo zinayamba kuoloka malire nkudzapha ndi kufunkha m'midzi ya Chadiza yomwe, kotero kuti olandira alendo anagona kuthengo pamodzi ndi alendo awo, kufikira pangano la mtendere la ku Rome mu Okutobala 1992 linatsegula njira yobwerera kwawo.

Yeso lachiwiri linali lowawa koposa, chifukwa linalowa m'nyumba iliyonse. Edzi itayamba kukolola anyamata ndi atsikana, kachitidwe kakale ka pa khate kanadzukanso: mbale yapadera, kunong'onezana pamaliro, ndi maulaliki ena amene anafulumira kutchula tchimo la wodwala asanafunse ngati wadya. Odziwa Malembo ena anasanduka abwenzi a Yobu, amene anali ndi yankho pa funso lililonse koma analibe mafuta a pabala. Pamene Kenneth Kaunda anaulula poyera mu 1987 kuti mwana wake anamwalira ndi nthendayi, anathyola chete amene anaphimba dziko. Koma m'midzi, m'zaka zonse zija mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere cha m'ma 2005, amene anagwira beseni anali amayi a Chigwirizano cha mpingo wa Reformed, amayi a timagulu ta Akatolika tosamalira odwala kunyumba, ndi agogo amene analera adzukulu asanu kapena asanu ndi awiri pa khasu limodzi, akunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ambiri a iwo sakadatha kufotokoza kusiyana kwa chiphunzitso cha Adachi ndi cha Aroma. Koma ankakomana pakhomo limodzi la wodwala, wina atasenza nkhuni, wina ufa, wina sopo, ndipo ngalande imene aphunzitsi anakumba zaka makumi asanu ndi limodzi m'mbuyomo anaiwoloka osaiona.

Lero dziko la Chadiza lasintha. Vubwi, kwa mfumu Pembamoyo, anapatulidwa nakhala boma palokha mu 2012. Mipingo yachuluka kotero kuti Lamulungu m'mawa nyimbo zimayankhizana kuchokera m'makalasi a sukulu ndi m'misasa ya malata. Ana a alimi ali ndi madigiri a zaumulungu, ndipo mnyamata aliyense wokhala ndi foni angathe kupeza vesi lomenyera mnzake msanga kuposa mmene mlaliki wakale ankatsegulira buku lake. Dziko lathu linalengezedwa kukhala lachikhristu mu Disembala 1991, ndipo mawuwo analowa m'malamulo aakulu a dziko. Zonsezi nzabwino pa malo ake, ndipo palibe wofuna kubwerera ku masiku a kalata yomangidwa pachitenje. Komatu dzina la Nsadzu silinaleke kutifunsa funso lake, pakuti m'zaka za pambuyo pake linadziwika ndi malo osamalirako odwala nthenda ya maganizo, amene ndiwo akhate a mbadwo uno: anthu amene timadziwa dzina la nthenda yawo m'Chingerezi, ndi dzina la mankhwala ake, koma tikawaona pamsika timaoloka msewu.

Mayi uja wa imvi, amene mawu anamuthawa panjira, alipo mumpingo uliwonse wa kuno, ndipo aliyense wa ife angathe kumutchula dzina. Amakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, buku la nyimbo alibe chifukwa sangaliwerenge. Koma kukagwa maliro ndiye amayamba kufika ndi mtolo wa nkhuni, ndipo kukakhala wodwala amene abale ake atopa naye, ndiye amadziwa kumutembenuza pamphasa osamupweteka. Abusa ophunzira, amene tiwalemekeza ndi kuwafuna, adzachita bwino akamatsiriza ulaliki wa pa Akorinto kutsika paguwa ndi kukampatsa moni ndi manja awiri, pakuti mutu umene iwo aufotokoza kwa ola limodzi, iye wakhala akuumasulira ndi beseni kwa zaka makumi anayi.